Kashiamu akasefukira m'magazi: kodi asilikali a m'thupi ali ndi mlandu pa matenda a parathyroid?

Mu 2004 madokotala a ku Boston, m'dziko la America, analemba za mayi wina wa zaka 66 amene anawazunguza mutu. Magazi ake anali ndi kashiamu wopitirira muyezo, ndipo homoni (uthenga umene chiwalo chimatumiza kudzera m'magazi) yochokera m'tiziwalo ta m'khosi totchedwa parathyroid nayo inali yokwera. Dokotala akaona ziwirizi pamodzi amaganiza za kachotupa ka m'khosi, ndipo mankhwala ake ndi opaleshoni. Anamuchitadi opaleshoniyo n'kuchotsa gawo lalikulu la tiziwaloto, koma kashiamu anakweranso. Chodabwitsa n'chakuti mayiyo akamalandira mankhwala a steroid, amene amachepetsa mphamvu ya chitetezo cha m'thupi, chifukwa cha matenda ena amene anali nawo, kashiamu ankatsika. Atafufuza mozama anapeza kuti chitetezo cha m'thupi mwake momwe ndicho chinkasokoneza tiziwaloto.

Nkhani ngati imeneyi ndi zimene zimasokoneza odwala ndi abale awo. Wina awerenga pa intaneti kuti matendawa amayamba ndi chitetezo cha m'thupi, mawa adokotala amuuza kuti ndi kachotupa chabe, tikachotsa basi. Awiriwa onse ali ndi pogwira, kungoti sakunena za odwala amodzimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho tiyambire pa tiziwalo teniteniyo.

Tiziwalo tinayi kuseri kwa chithokomiro

Chithokomiro ambiri timachidziwa chifukwa cha chotupa cha pakhosi chija, chimene chinkaoneka kwambiri mchere wa ayodini usanafale. Kuseri kwa chithokomirocho kwamatirira tiziwalo tina, kawirikawiri tinayi, kalikonse kongofanana ndi njere ya mpunga. Dzina lakuti parathyroid limangonena kuti tili pambali pa chithokomiro. Ndi oyandikana nyumba chabe, ntchito zawo n'zosiyana. Timeneti timayang'anira chinthu chimodzi: kuchuluka kwa kashiamu m'magazi.

Kuchepa kwa tiziwaloti kunachititsa kuti akatswiri atiphonye kwa zaka mazana ambiri. Richard Owen, katswiri wa matupi a nyama wa ku England, anationa m'khosi la chipembere cha ku India chimene chinafera kumalo osungirako nyama a ku London mu 1849. Mwa munthu, anatifotokoza ndi Ivar Sandström mu 1880, akuphunzira udokotala ku Uppsala, ku Sweden, koma akuluakulu a nthawiyo sanamulabadire. Chimene chinawatsegula maso ndi odwala amene akachotsedwa chithokomiro ankayamba dzanzi m'milomo ndi m'zala, minofu n'kumakokana, ena mpaka kutsikira kulichete. Mu 1891 Eugène Gley wa ku France anaonetsa pa nyama kuti zimenezi zimadza tiziwaloti tikachotsedwera kumodzi, ndipo mu 1925 James Collip wa ku Canada anafinya m'tiziwaloti madzi amene ankakweza kashiamu wa agalu. M'madzimo munali homoni imene lero madokotala amaitcha PTH.

Kashiamu timamudziwa ngati chakudya cha mafupa, chimene timapeza mu usipa, matemba, mkaka ndi masamba. Munthu wamkulu amakhala naye pafupifupi kilogalamu imodzi, ndipo magawo 99 pa 100 ali m'mafupa ndi m'mano. Kotsalako, ka m'magazi, n'kochepa zedi, koma mtima, mitsempha ndi minofu zimadalira komweko, moti thupi silifuna kuti kasunthe. M'malabotale ambiri muyezo wake ndi pakati pa 2.2 ndi 2.6 mmol pa lita. Mafupa ali ngati nkhokwe, magazi ngati ufa wa m'nyumba. Ufa ukachepa, PTH imakatapa m'nkhokwe, imauza impso kuti zisataye kashiamu mumkodzo, ndiponso imazituma kudzutsa vitamini D kuti matumbo akoke kashiamu wochuluka m'chakudya. Ufa ukakwana, PTH imatsika, nkhokwe n'kupuma.

PTH ikakana kutsika

Kuchuluka kwa PTH ndiko madokotala amakutcha hyperparathyroidism. Nthawi zina tiziwalo tilibe cholakwa, tikungoyankha njala ya kashiamu imene yadza chifukwa impso zafooka kapena vitamini D wasowa. Mtundu umenewo amati secondary. Mtundu umene tikukamba pano amati primary: cholakwa chili m'kachiwalo momwemo, kakutulutsabe PTH ngakhale magazi adzaza kale kashiamu. Nkhokwe ikungotapidwa usana ndi usiku, ufa n'kumatayikira pansi.

Mwa odwala 100 a mtundu wa primary, pafupifupi 80 mpaka 85 amakhala ndi kachotupa pa kachiwalo kamodzi, kotchedwa adenoma, komwe si khansa. Pafupifupi 10 mpaka 15 amakhala kuti tiziwalo tingapo kapena tonse takula pamodzi. Khansa yeniyeni sifika ngakhale mmodzi pa 100. Amayi ndiwo amadwala kwambiri kuposa abambo, makamaka akasiya kusamba.

Zizindikiro zake n'zonyenga. Ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, munthu n'kumaganiza kuti ndi shuga. Kutopa, kuiwalaiwala, kudzimbidwa ndi kuphwanya m'thupi, abale n'kumati agogo akukalamba. Likakhalitsa limabweretsa timiyala mu impso, ndipo mafupa amathyoka pa kugwa kosanunkha kanthu. Wodwala amene Felix Mandl anamuchotsa kachotupa kotere ku Vienna mu 1925, kondakitala wa tisitima ta m'misewu ya mumzindawo, anali atafika polephera kuyenda. Kuyambira m'ma 1970, makina oyeza zinthu zambiri m'magazi nthawi imodzi atafala ku Ulaya ndi ku America, odwala ambiri kumeneko anayamba kupezeka asanamve kupweteka kulikonse. Kumene kashiamu sayezedwa mwachizolowezi, monga m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi kwathu kuno, munthu amakonda kudziwika mafupa ndi impso zitavulala kale. Tinenenso kuti kashiamu wokwera payekha sakwana kuloza parathyroid. Khansa zina, ngakhalenso TB nthawi zina, zimamukweza, koma pamenepo PTH imakhala yotsika.

Nanga chimayambitsa n'chiyani? Zochepa zikudziwika: kuwotchedwa ndi cheza cha kuchipatala (radiation) m'khosi kapena kumutu munthu ali mwana, kumwa lithium, mankhwala a matenda ena a maganizo, kwa nthawi yaitali, ndi zotengera kwa makolo, zimene asayansi amazitcha majini (genes), monga jini ya MEN1, imene inapezeka mu 1997. Koma odwala ambiri alibe chilichonse mwa zimenezi. Pamalo opanda yankho amenewa ndi pamene funso la chitetezo lalowera.

Asilikali akatembenukira mwini mudzi

Kuno kwathu mawu akuti chitetezo cha m'thupi tinawaphunzira ndi misozi, m'zaka zimene Edzi inkatha anthu. Tinazolowera kumva kuti asilikali a m'thupi achepa, chitetezo chatsika. Chimene madokotala amachitcha autoimmunity ndi vuto lina. Asilikali alipo, ali ndi mphamvu zawo zonse, koma asokonezeka n'kuyamba kuona chiwalo cha mwini thupi ngati mdani. Ndi galu wa pakhomo amene waluma mbuye wake pobwera usiku. Shuga amene amayamba kwambiri mwa ana, lupus ndi nyamakazi ya rheumatoid ndi ena mwa matenda a gulu limeneli.

Chida chimodzi cha asilikaliwa ndi ma antibody, timapuloteni toyenda m'magazi, kalikonse kopangidwa kuti kakamatirire chinthu chimodzi chokha, monga kiyi ndi loko wake. Cha m'ma 1901 Paul Ehrlich wa ku Germany anaphunzitsa kuti thupi lili ndi njira zodziletsa kuti lisadzipweteke lokha ndi zida zimenezi, ndipo kwa zaka makumi asanu ambiri anamva ngati akunena kuti n'zosatheka. Chaka cha 1956 ndicho chinagwetsa ganizolo, ndipo chithokomiro ndicho chinali mboni. Ku London, Ivan Roitt ndi Deborah Doniach anapeza ma antibody olimbana ndi chithokomiro mwa odwala matenda a Hashimoto, amene amafooketsa chithokomiro. Ku Buffalo, m'dziko la America, Noel Rose ndi Ernest Witebsky anayambitsa kutupa kwa chithokomiro mwa akalulu pogwiritsa ntchito chitetezo cha akaluluwo. Ku Dunedin, m'dziko la New Zealand, Duncan Adams ndi Herbert Purves anapeza chinthu m'magazi a odwala matenda a Graves chimene chinkathamangitsa chithokomiro, ndipo pambuyo pake chinadziwika kuti ndi antibody.

Zomaliza izi n'zofunika kwambiri pa nkhani yathu. Zinaonetsa kuti antibody sikuti imangowononga. Ikhoza kukamatirira pa switchi ya chiwalo n'kuisiya ili yoyatsa, kapena kuitsekereza kuti uthenga usafike. Ngati chithokomiro chingathamangitsidwe chotere, bwanji mnansi wake wa kuseriyo?

Kuti chitetezo chimafika pa parathyroid, palibe akutsutsa. Mu 1966 Robert Blizzard ndi anzake anapeza ma antibody olimbana ndi tiziwaloti mwa odwala amene PTH yawo inali yochepa popanda chifukwa chodziwika. Pali matenda obadwa nawo otchedwa APS-1, amene amapezeka kwambiri ku Finland ndi ku Sardinia, mmene jini ya AIRE imakhala yolakwika ndipo asilikali saphunzira bwino kuzindikira mwini thupi. Ambiri mwa odwalawa tiziwalo tawo ta parathyroid timafa. Koma kumeneko ndi kuchepa kwa PTH. Mkangano uli pa kuchuluka.

Lilime lolawa kashiamu

Kachiwalo konga njere ya mpunga kamadziwa bwanji kuti kashiamu wakwana? Yankho linabwera mu 1993, pamene Edward Brown, Steven Hebert ndi anzawo ku Boston anapeza puloteni ya pamwamba pa maselo a parathyroid imene imamva kashiamu wa m'magazi. Anaipeza m'tiziwalo ta ng'ombe. Dzina lake ndi calcium-sensing receptor, mwachidule CaSR. Ine ndiziitcha lilime.

Mayi akamaphika ndiwo amadonthezera msuzi pachikhatho n'kunyambita. Mchere ukakhala wochepa awonjezera, ukakolera asiya. Tsiku lina wadzuka ndi chimfine, m'kamwa mwangoti zii. Alawa, samva kanthu, athira. Alawanso, athiranso. Ndiwo zifika pa mphasa zikuwawa mchere, iye akukhulupirirabe kuti n'zosakolera. Dzanja lothira lilibe vuto, chalakwika ndi lilime.

Lilime lomweli lilinso mu impso, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Kashiamu akachuluka, lilime la mu impso limatsegula njira kuti wina atuluke ndi mkodzo. Munthu wa kachotupa ka adenoma lilime lake la mu impso limakhala bwinobwino, n'chifukwa chake mkodzo wake umakhala ndi kashiamu wokwanira kapena wochuluka, timiyala n'kumapangika. Koma lilime likazizira thupi lonse, m'khosi ndi mu impso momwe, kashiamu amakwera m'magazi pomwe mumkodzo ali wochepa.

Alipo mabanja amene amabadwa ndi lilime lozizira chotere. Vutoli amalitcha FHH, ndipo m'chaka chomwecho cha 1993 zinadziwika kuti ambiri mwa iwo jini ya CaSR ndiyo yolakwika. Kawirikawiri anthuwa amakhala moyo wawo wonse osadwala nazo, ndipo opaleshoni siwathandiza. N'chifukwa chake dokotala wosamala, asananole mpeni, amapatsa wodwala chigubu kuti asungemo mkodzo wonse kuyambira m'mawa mpaka m'mawa wa tsiku lotsatira. Ndi ntchito yochititsa manyazi pang'ono, kuyenda ndi chigubu chotere pa minibasi, koma yapulumutsa makosi ambiri. Amafunsanso zotsatira za magazi za zaka zam'mbuyo, mwinanso kuyeza makolo, abale kapena ana.

Pamene umboni uli wolimba

Mu 2003 Olga Kifor, Edward Brown ndi anzawo anafotokoza za odwala anayi a m'mabanja awiri amene ankaoneka ngati a FHH, koma jini yawo ya CaSR inali yabwinobwino. M'magazi mwawo munali ma antibody omatirira pa lilime lija n'kulizizitsa. Onse anali ndi zizindikiro zina za chitetezo chosokera, ena pa chithokomiro, wina m'matumbo. Chaka chotsatira ndi pamene inatuluka nkhani ya mayi wa zaka 66 uja. Iye sanabadwe nalo vutoli, linamupeza atakula, ndipo ma antibody ake akachuluka kashiamu ndi PTH zinkakwera, akachepa zinkatsika. Matendawa anapatsidwa dzina lakuti autoimmune hypocalciuric hypercalcaemia, kutanthauza kashiamu wochuluka m'magazi, wochepa mumkodzo, chifukwa cha chitetezo.

Mu 2007 Noriko Makita ndi anzake ku Tokyo anaonjezera chinthu chimene ine chimandichititsa chidwi kwambiri. Antibody ya wodwala wawo sinatseke lilime lonse. Lilime limatumiza uthenga m'kati mwa selo podzera njira zingapo, ndipo antibody imeneyo inalimbikitsa njira ina n'kufooketsa inzake. Zikutanthauza kuti odwala awiri akhoza kukhala ndi ma antibody a pa CaSR onse, koma ochita mosiyana. Zaonekadi kuti ena steroid amawathandiza, ena ayi. Ena athandizidwa ndi cinacalcet, mankhwala amene anavomerezedwa ku America mu 2004, omwe ntchito yake ndi kunola lilime kuti lizimva kashiamu msanga. Palinso ma antibody ochita zosemphana, onamiza lilime kuti mchere wakolera pomwe sunathiridwe, ndipo amenewa amagwetsa PTH ndi kashiamu.

Apa ndiye mlandu wagwira: antibody yapezeka, chimene imamatirira chadziwika, ndipo mu labotale yaoneka ikusintha kachitidwe ka maselo. Koma odwala otere ndi osowa kwambiri, moti m'magazini a zachipatala amalembedwa mmodzimmodzi. Ndipemphe chinthu chimodzi ndi mtima wonse: munthu asamve nkhaniyi n'kukagula yekha steroid monga prednisolone. Mankhwala amenewa amafewetsa mafupa, amakweza shuga, ndipo akhoza kudzutsa TB yogona. Kwa munthu wa kachotupa, amene mafupa ake akutapidwa kale, akhoza kungoonjezera tsoka.

Nanga wodwala wamba wa kachotupa kamodzi?

Pamenepa akatswiri sagwirizana, ndipo mbali iliyonse ili ndi mfundo zomveka.

Amene amaganiza kuti chitetezo chili ndi gawo amaloza zinthu zingapo. Matendawa amakonda amayi, monganso matenda ambiri a chitetezo chosokera, ndipo si zachilendo kupeza mayi mmodzi ali ndi Hashimoto ndi parathyroid pamodzi. M'tiziwalo tina tochotsedwa pa opaleshoni, akatiika pa maikulosikopu, amapezamo magulu a maselo oyera a chitetezo. M'ma 1980 akatswiri ena a ku Ulaya anafotokoza za odwala amene tiziwalo tawo tinali titakula komanso titadzaza maselo oterewa, n'kufunsa ngati amenewa si matenda atsopano a chitetezo. Kafukufuku wina wapezanso ma antibody olimbana ndi parathyroid kapena CaSR m'magazi a ena mwa odwala a mtundu wa primary.

Okayikira amayankha motere. Antibody imayenda ndi magazi, imafika paliponse. Pa matenda a Graves chithokomiro chonse chimathamanga. Zingatheke bwanji kuti antibody isankhe kachiwalo kamodzi n'kusiya titatu tili phee? Mu 1988 Andrew Arnold ndi anzake anaonetsa kuti adenoma imachokera ku selo limodzi limene lalakwitsa m'majini ake n'kuyamba kuswana, monga zotupa zina zimachitira. Ndiponso kachotupako kakachotsedwa ndi dokotala wozolowera ntchitoyi, odwala oposa 95 pa 100 amachira, chikhalirecho opaleshoni sichotsa antibody m'magazi. Za maselo oyera aja, amati munthu amene wapezeka pa nyumba yopsa mwina wabwera ndi ndowa kudzazimitsa; asilikali amathamangira pa zotupa zambiri m'thupi. Za Hashimoto, amati ndi matenda ofala mwa amayi achikulire, ndipo mayi amene akuyezedwa magazi ndi kuunikidwa khosi kawirikawiri chifukwa cha chithokomiro ndiye amene vuto lake la kashiamu lidzaoneka msanga. Kuyeza ma antibody a CaSR nako kumachitikira m'malabotale ochepa a kafukufuku, ndipo njira zosiyana zimapereka mayankho osiyana.

Koma mfundo ya selo limodzi ija siyitsekeratu nkhani. Mwa anthu amene impso zawo zinafooka kalekale, tiziwalo tonse timayamba takula chifukwa chokakamizidwa, kenako pakapita zaka m'kati mwake mumamera timabuthu tochokera ku selo limodzi, tosamveranso kashiamu. Ngati kukakamiza kwa impso kungabale zimenezi, ena amafunsa, bwanji kukakamiza kwa antibody yozizitsa lilime kwa zaka zambiri? Ndi ganizo lomveka, koma silinatsimikizidwe mwa odwala.

Mu 1957 Witebsky anaika miyezo yoweruzira kuti matenda ndi a chitetezo chosokera: antibody ipezeke, chimene ikulimbana nacho chidziwike, ndipo matendawo athe kuyambitsidwa mwa nyama ndi chitetezo chomwecho. Matenda a Graves ali ndi umboni woposa pamenepo, poti mayi woyembekezera akhoza kupatsira mwana wake antibody, khandalo n'kubadwa chithokomiro chikuthamanga mpaka antibody ya mayiyo itatha m'magazi mwake. Adenoma ya parathyroid sinafike pa muyezo umenewu.

Njira yolambalala

Pali njira ina imene palibe amaikana. Matenda a coeliac, mmene chitetezo chimawononga matumbo munthu akadya tirigu, amalepheretsa thupi kukoka kashiamu ndi vitamini D. Lupus ikhoza kuwononga impso. Konseku PTH imakwera, koma ndi mtundu wa secondary uja: chitetezo chavulaza chiwalo china, parathyroid ikungoyankha. Ena mwa amene amati matenda awo a parathyroid anayamba ndi chitetezo amakhala akunena zimenezi.

Mafunso amene akadali pabwalo

Funso loyamba ndi la chiwerengero. Odwala a antibody yozizitsa lilime ndi osowadi, kapena akubisala pakati pa amene anauzidwa kuti ndi FHH ngakhale jini yawo ili bwino, ndi amene anachitidwa opaleshoni koma kashiamu osatsika? Popanda kayezedwe kamodzi kodalirika kamene labotale wamba ingagwiritse ntchito, chiwerengerocho sichingadziwike.

Lachiwiri likukhudza odwala 10 mpaka 15 pa 100 aja amene tiziwalo tawo takula tonse, m'banja mulibe wina wodwala, sanamwepo lithium, impso zili bwino. Chinthu chokhudza tiziwalo tonse nthawi imodzi chimaganiziridwa kuti chikuyenda m'magazi kapena chili m'majini. Kodi mwa ena a iwo ndi antibody? Ndipo maselo oyera opezeka m'zotupa zina aja, akusonkhezera moto kapena akuzimitsa?

Palinso funso la pa tebulo la adokotala. Mayi wachikulire wabwera, kashiamu wokwera, mumkodzo wochepa, zaka zam'mbuyomu magazi ake anali bwinobwino, ndipo ali kale ndi Hashimoto kapena nyamakazi ya rheumatoid. Kashiamu wa mumkodzo akhoza kuchepanso chifukwa cha kusowa kwa vitamini D, impso zofooka, kapena mapiritsi ena a BP a gulu la thiazide. Zonsezi zikachotsedwapo, ayambire pati: kudikira n'kumayeza, cinacalcet, steroid, kapena mpeni? Odwala olembedwa ndi ochepa kwambiri moti njirazi sizinayerekezedwe pa gulu lalikulu. Ndipo pafupifupi onse amene atiphunzitsa zimenezi anapezeka m'zipatala zazikulu za ku America, ku Ulaya ndi ku Japan. Mmene vutoli limaonekera mwa mayi wa ku Dedza, ku Chipata kapena ku Tete, kumene kuyeza PTH kwenikweniko kumafuna ulendo wa kutauni, likudikirabe woti alifufuze.